Mbiya ya Nankhoma

Inu amene mumayenda pa galimoto dzuwa litapendeka, munayamba mwamvapo fungo la chimera chophika likulowera pawindo, pamalo pomwe palibe mudzi, palibe utsi, palibe ngakhale khola la mbuzi? Ngati munalimva, musandiyankhe. Sendezani mipando kuno ndikuuzeni kumene limachokera, chifukwa mwini wake nkhaniyi akayamba kuifotokoza safika nayo patali.

Kwa Chembekeza, kuseri kwa mapiri a ku Dedza, kunali mayi wina wofulula mowa wa masese, dzina lake Nankhoma. Ofulula analipo ambiri m'mudzimo, koma mowa wa Nankhoma unali ndi mbiri yakeyake: sunkakana kuwira. Mu Juni, wa anzake ukangoti phee m'mbiya chifukwa cha chisanu, wake unkachita kubwata. Mu Okutobala, wa anzake ukasasa ndi kutentha, wake unkakoma monga mwa masiku onse. Akaduka ankanong'onezana kuti pali kamankhwala. Panalibe kamankhwala kalikonse, nkhani inali mbiya.

Mbiyayo inali yakuda bii, yaikulu moti mwana wongoyamba kuyenda akanabisalamo, ndipo m'kati mwake simunkatsukidwa. Nankhoma anailandira kwa amayi ake, iwonso anailandira kwa amayi awo. Mowa ukatha ankangoikokolola ndi chikho, n'kuivundikira ndi lichero kuseri kwa chitseko. Nsenga zouma zomatirira m'mbali mwake ndizo zinkadzutsa mowa wotsatira, ndipo Nankhoma ankazitcha mbewu. Mowa ukapsa, chikho choyamba sichinkapita pakamwa pa munthu. Ankatuluka nacho panja, n'kuthira pansi pafupi ndi khomo, n'kuvundikira chikhocho pomwepo.

Nankhoma anali ndi ana awiri aakazi. Wamkulu, Zelifa, anakhala pamudzi n'kutengera manja a amayi ake. Wamng'ono, Ndaziona, anatengera mutu, ndipo sukulu inamutenga n'kupita naye kutali mpaka kutsidya kwa nyanja zamchere. Anabwerako akutchedwa dokotala, koma osati wochiza anthu. Anali dokotala wa tizamoyo tosaoneka ndi maso. Amayi ake ankaseka akamva zimenezi. Ankati, "Mwana wanga anapita kutali kukaphunzira zimene zili kuseri kwa chitseko changa."

Ndaziona ankagwira ntchito pamalo ena a kafukufuku kuchigwa, pafupi ndi minda ya nzimbe. Chimene ankafuna chinali chabwino, ndipo pamenepa sindimunena. Inu nonse mukudziwa mizere ya galimoto imene imagona pomwetsera mafuta petulo akasowa. Yisiti, kanthu kaja kamene kamawiritsa mowa ndi kutupitsa buledi, akadya shuga amatulutsa ethanolo, ndipo ethanolo amayendetsa galimoto. Vuto n'lakuti yisiti ndi wosankha chakudya. Amafuna chimanga ndi madzi a nzimbe, zomwenso anthu tikuzifuna. Ndaziona ankati, bwanji adye mapesi ndi makoko a nzimbe zofinya, zimene timangotentha chaka ndi chaka? Koma shuga wa m'mapesi ndi wamtundu wina umene yisiti amaukana, ndiponso mankhwala owawasa ofewetsera mapesiwo ankapha yisiti aliyense amene anamuyesa. Zaka zinapita akungokwirira yisiti wakufa.

Kenaka Nankhoma anatsamira mkono, m'nyengo ya mphepo ya fumbi. Mwambo wa maliro utatha, anthu atameta n'kubalalika, Ndaziona anaima kuseri kwa chitseko chija akuyang'ana lichero. Analira pang'ono, koma m'kati mwa kulirako munalowa maganizo ena. Mbewu yosaopa chisanu, yosaopa kutentha, yosaopa kusasa.

"Achemwali," anatero kwa Zelifa, "ndibwerekeni mbiya ya amayi."

"Ukafulule kuntchito kwako? Ndi zikhadabo zimenezo?"

"Ndikufuna ndikaione mbewuyi pa makina. Ndidzabweza."

Zelifa anamanga bwino duku pamutu pake pometa. "Tenga," anatero. "Koma ibwere lisanafike tsiku la bona. Mowa wogoneka amayi udzafululidwa m'mbiya yawo yomweyi, monga anachitira iwo ndi agogo. Ndiponso usaitsuke."

"Ndingatsuke bwanji, ngati ndine mlendo pakhomo pano?"

Kwa inu amene munakulira m'tauni, bona ndi mowa umene abale amafulula pakapita nthawi munthu atamwalira. Amakathira chikho choyamba pamanda, ndipo nthaka ikamwa, ndiye kuti mzimu walandira, wakhala pansi pakati pa makolo ake. Mowa umenewo usanathiridwe, womwalirayo amakhala adakali chiimire, ngati mlendo amene sanapatsidwe mpando.

Mbiya inayenda ulendo wake woyamba pa galimoto, itakulungidwa m'bulangete. Ku labotale, nyumba yake ya kafukufuku, Ndaziona anapala nsenga pang'ono ndi kasupuni, n'kuziika m'madzi a shuga. M'mawa mwake botolo linali thovu lokhalokha. Anathiramo mankhwala owawasa aja amene anapha anzake onse, koma yisiti wa Nankhoma anangopitiriza kubwata ngati sizikumukhudza. A Kwanjana, mnzake wa ntchito, bambo wa nthabwala amene magalasi awo ankakhalira kutsetsereka pamphuno, anaomba m'manja.

"A Kanyumbu," anatero, pakuti ilo ndilo linali dzina la bambo ake a Ndaziona, "mayi anu anali ndi mgodi kuseri kwa chitseko."

Chinatsala n'kumuphunzitsa kudya mapesi. Yisiti saphunzitsidwa ndi mkwapulo ayi. Amamutsegula m'kati, n'kusokererapo kachidutswa ka chibadwa cha kachamoyo kena, ndipo Ndaziona anatenga kake ku tizilombo tokhala m'mimba mwa chiswe, timene timagaya mtengo wouma. Zinakanika kambirimbiri. Kumudzi nako chaka chimenecho chimanga sichinachite bwino, choncho bona anaukankhira chaka chinacho, ndipo Ndaziona mumtima mwake anathokoza chilala. Tsiku lina botolo la phala la mapesi linayamba kuwira. Sabata yotsatira inawira thanki yaing'ono, kenaka yaikulu. Akuluakulu a fakitale ina ya mafuta anabwera ndi mataye awo, nanunkhiza, nagwedeza mitu, napangana tsiku lodzatenga mbewu yatsopanoyo.

M'masiku a chisangalalo amenewo ndi mmene zinthu ziwiri zazing'ono zinachitika, ndipo zonse ziwiri zinachitika mothamanga. Choyamba, firiji yosungiramo mbewu inadzaza. A Kwanjana anamufunsa pa foni Ndaziona ali pamsonkhano kuti atayepo ziti. Iye, foni ili pakati pa khutu ndi phewa, anangoti, "Tayani zakale zonse, tisunge zatsopano." M'zakalezo munali timabotolo ta mbewu ya Nankhoma yosasinthidwa.

Chachiwiri, Zelifa anatumiza uthenga kuti chimanga chalowa m'nkhokwe, chimera chanyikidwa, mbiya ibwere. Tsono labotale ili ndi mwambo wake, ndipo ndi wouma kuposa wa kumudzi. Chinthu chilichonse chimene chakhala m'chipinda cha tizamoyo tosinthidwa sichituluka chisanalowe mumphika waukulu wa nthunzi wophera tizilombo. Ndaziona ndiye ankakalipira aliyense wophwanya lamulo limeneli. Anaima ndi mbiya m'manja, mawu a mkulu wake akumveka bwinobwino m'makutu. Anadziuza kuti nthunzi si madzi, kuti uku si kutsuka kwenikweni, kuti mowa umawira m'mbiya iliyonse. Munthu wophunzira sasowa mawu odzinamizira. Analowetsa mbiya, natseka chitseko chachitsulo.

Atatsegula, nthunzi inamuomba kumaso, ndipo m'nthunzimo munali nyumba yonse ya amayi ake: chimera, utsi wa nkhuni za msuku, thukuta la pa chitenje chimene ankaberekedwa nacho. Zinatuluka zonse pakamodzi, zinadutsa, zinatha. Kumbuyo kwake wina anausa moyo. Anatembenuka, koma m'chipindamo munali iye yekha ndi mabotolo. Atasuzumira m'mbiya, nsenga zonse zinali zitasungunuka n'kutsikira pansi ngati matope, ndipo anazitsanulira m'sinki. Mbiya sinkanunkhanso kanthu.

Anaitumiza kumudzi ndi galimoto ya kuntchito. Sanafune kukhalapo Zelifa akamavundukula bulangete.

Chinayamba kusowa ndi kapu yoyezera. Inali yagalasi, ya mizeremizere, ndipo inkakhala pa shelefu pafupi ndi thanki yaikulu. M'mawa wina inapezeka panja, pafupi ndi khomo, itavundikiridwa pansi. Pambali pake dothi linali lonyowa, kamalo kozungulira kokula ngati chikhatho. A Kwanjana anaseka mpaka magalasi kugwa.

"Alonda athu ayamba kulawa petulo," anatero. "Tsiku lina tidzawapeza akuthamanga opanda mabuleki."

Anaitsekera m'kabati. Mawa lake inali panja, yovundikira. Anasintha loko wa chitseko. Inali panja. Ndipo nthawi zonse phala la m'thanki linkakhala litatsikako pang'ono, mwina muyezo wa chikho chimodzi. Koma Ndaziona ankadziwa dzanja limene limavundikira chikho motero, chogwirira chitaloza kukhomo.

Kenaka kunabwera phokoso. Thanki yaikulu inali ndi injini yotakasira phala, ndipo magetsi akazima inkaima. Masana ena, dzuwa lili paliwombo, magetsi anapita, labotale yonse n'kuti zii. Ali chikhalire kudikira jenereta, anamva kwee, kwee, kwee, pang'onopang'ono, kuchokera m'kati mwa thanki yotseka. Linali phokoso la mthiko ukukwecha pansi pa mbiya. Unkazungulira, n'kuima ngati wotakasayo akupumula mkono, n'kuyambanso. A Kwanjana anayang'ana thanki, anayang'ana Ndaziona, navula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ngakhale anali oyera.

"Ndi chitsulo chikuzizira," anatero Ndaziona.

"Eya, chitsulo," anavomera a Kwanjana. Patapita kanthawi anawonjezera motsitsa mawu, "Ine ndine mkulu wa mpingo, a Kanyumbu. Koma ndikuuzeni zoona, thanki iyi masiku ano ndikumaipatsa moni ndikamalowa."

Mapesi a kafukufukuyo ankabwera nawo amayi a m'midzi yozungulira, mitolo pamutu, n'kuiunjika pansi pa mtengo wa mthethe kuseri kwa labotale. Madzulo ena Ndaziona anapita kukaona muluwo, napeza mtolo umodzi uli paokha, womangidwa bwino ndi luzi, pamwamba pake patasiyidwa nkhata. Nkhatayo inali yopota ndi kansalu kachikasu ka zithunzi za nkhanga. Chitenje chimenecho Ndaziona anagula yekha, ndipo anachiyala yekha pa bokosi la amayi ake lisanatsikire m'manda.

"Mtolo uwu ndi wa ndani?" anafunsa amayi aja, amene anali akukutumula zitenje kuti azipita.

Anayang'anana. Mmodzi wachikulirepo ndiye anayankha. "Si wa kwathu ameneyo, adokotala. Tinangomupeza ali pakati pathu panjira. Moni sanayankhe. Pofika pageti ndi pomwe anayankhula, akuti, kodi kuno n'kumene kuli mbiya? Ife tinati kuno kulibe mbiya, kuli mathanki. Potula mitolo sitinamuonenso."

"Nkhope yake inali yotani?"

Mayiyo anatembenukira anzake, koma onse anali akuyang'ana pansi. "Mapesi anamuphimba," anatero. "Koma mapazi ake ndinawaona. Ayenda mtunda wautali."

Ndaziona atacheuka kuti atole nkhata ija, panali mtolo wokha.

Kumudzi mowa unakana. Zelifa anaphika phala, anathira chimera, anatsanulira m'mbiya, anadikira. Phala linangogona, kenaka linachita nkhungu yobiriwira. Amayi a m'mudzi anayamba kufunsana kuti ndani wagwira mbiya ali wotentha, ndipo mabanja angapo anakangana zosayenera. Zelifa anatayira nkhumba phalalo, nkhumba zinanunkhiza n'kuchoka. Anaphikanso, unakananso. Mnansi wina anapereka nsenga za m'mbiya yake, koma zitalowa m'mbiya ya Nankhoma zinafa ngati zathiridwa madzi otentha. Apo ndi pamene Zelifa anaitanitsa mng'ono wake.

Anamulandirira kuseri kwa nyumba, mbiya ili pakati pawo. Zelifa sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa.

"Nunkhiza," anatero.

Ndaziona anawerama, nanunkhiza. Munali fungo la dothi lowotcha basi.

"Ndinakuuza mawu angati, Ndaziona?"

"Achemwali, linali lamulo la kuntchito. Sindikanatha kuitulutsa..."

"Ukanandiuza. Ndikanabwera ndekha kudzapala mbewu isanalowe m'nyumba yanu ya malamuloyo." Zelifa anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Amayi sakugona. Lichero ndikumalipeza pansi m'mawa uliwonse. Ana akuti agogo akumaima pamphambano kuyang'ana kumsewu. Unapala mbewu ija, ili kuti?"

Ndaziona anaimbira a Kwanjana pomwepo kuti afufuze m'firiji monse. Yankho analidziwa asanalimve. Anafotokozera mkulu wake zonse, za timabotolo totayidwa, za chiswe, za mbewu yatsopano imene inali m'thanki kudikira lole ya ku fakitale.

Amalume awo, a Lufeyo, mlongo wake wa malemuyo, anali atakhala pa mtondo wogwetsa chapafupi, akumvetsera. Anali munthu wosachulutsa mawu. "Mwana amene wabwerako kuulendo atasintha amakhalabe wa pakhomo," anatero. "Kaya mwaisokerera chiyani, mbewuyo ndi ya mlongo wanga. Kaitenge yonse. Ina tifululire, yotsalayo tikaikwirire kumutu kwa manda. Koma yonse, mphwanga. Usasiyeko. Mwini wake akuilondola."

Ndaziona anavomera ndi mutu, nabwerera kuchigwa.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti anachita monga anauzidwira. Anafika pa labotale n'kuima kutsogolo kwa thanki, dzanja lili pa mpopi. M'thankimo munali zaka zake zonse, ndi za a Kwanjana, ndi za ena amene analibe mlandu ndi mbiya ya kwa Chembekeza. Munali mizere ija ya galimoto, ndi ma ambulansi ogona pomwetsera mafuta. Akanawauza chiyani a mataye aja, kuti mbewu yapita kumanda? Anaganiza za amayi ake, mayi amene sankamana munthu chikho ngakhale wobwera chimanjamanja. Anadziuza kuti amayi akanamvetsa. Mwina akanamvetsadi, akanafunsidwa. Anatunga kabotolo kamodzi, nakabisa m'chikwama, iye yemwe uja wosunga malamulo. Yotsalayo anaisiya.

Lole inabwera m'mawa mwake. Ndaziona anatuluka pageti pambuyo pake, ndipo pamphambano lole inakhotera kumanja, iye kumanzere, njira ya kumudzi. Asanakhote anaona m'fumbi la loleyo munthu akuyenda pakati pa msewu, wamkazi, nkhata pamutu popanda katundu, manja ali m'mwamba pang'ono ngati wogwirizira mbiya imene palibe. Sankathamanga, koma sankatsalira. Ndaziona anaponda buleki, fumbi linakhazikika, msewu unali wopanda munthu. Akanatha kukhotera kumanja, kuithamangira lole, kuiimitsa. Anakhala pamphambanopo injini ikulira, kenaka anakhotera kumanzere.

Mowa unawira. Zelifa atangothira kabotolo kaja, dzuwa lisanalowe thovu linali likusefukira. Koma unkawira mwachilendo, mwaliwiro ndi mopanda phokoso, osati kubwata kuja kwa Nankhoma kumene kunkamveka munthu ali pabwalo. Lichero lovundikira linafewa n'kubooka pakati ngati ladyedwa. Fungo lake linali lakuthwa, lolasa m'mphuno. Amayi othandiza kufulula anasuzumira, nabwerera m'mbuyo, ndipo panalibe amene anapempha kulawa.

Tsiku la bona anthu anapita kumanda m'mamawa, a Lufeyo patsogolo ndi chikho. Anagwada kumutu kwa manda, natchula mlongo wawo ndi dzina la ubwana wake, natchula amayi awo ndi agogo awo.

"Mowa wako uwu," anatero. "Tachedwa, tikhululukire. Landira, ukhale pansi, ana agone."

Anathira. Nthaka inali youma gwa, ya mwezi wa Seputembala, yoti ikanamwa ngakhale malovu. Koma mowawo unangoima pamwamba ngati wathiridwa m'mbale. Nyerere zimene zinali pamenepo zinapatuka n'kuuzungulira. Anthu anadikira, opanda ngakhale wotsokomola. Pang'onopang'ono unayamba kuchepa, osati polowa pansi, koma pouma kupita m'mwamba, mpaka panatsala dothi lotuwa lopanda chinyezi chilichonse.

A Lufeyo anakhala chigwadire. Osatembenuka anafunsa, "Mphwanga, unabweretsa yonse?"

Zelifa anayang'ana Ndaziona kamodzi kokha, nadziphimba kumaso.

"Yambiri ili kuti?"

"Ku fakitale, amalume."

"Ikakatero ipita kuti?"

"Akaichulukitsa. Mafuta ake apita m'dziko lonse."

Mkuluyo anavundikira chikho pansi, nadzuka movutikira atagwira bondo. "Ndiye sali pano," anatero. "Tikuyankhula ndi dothi. Walondola yambiriyo."

Ndaziona anathamangira ku fakitale tsiku lomwelo, koma mbewu ikalowa m'mathanki aakulu ngati nyumba siitanidwanso. Anamulandira ndi manja awiri, namuonetsa mmene ikuwirira, namuuza kuti ina aitumiza kale ku fakitale yachiwiri. Anamujambula zithunzi. Pa zithunzizo akuoneka akumwetulira, ndipo mpaka lero safuna kuziona.

Mvula isanagwe, mafuta atsopano anali m'misewu. Mizere inafupika, anthu anayamikira, ndipo ine ndemwe ndinakwera minibasi yoyendera mafuta amenewo, sindikana. Koma madalaivala anayamba kunong'onezana m'madepoti. Wina anati anaona mayi wa nkhata yachikasu pamsewu wa ku Mchinji, ndipo atayenda mtunda wautali anamupezanso kutsogolo. Wina anamuona tsiku lomwelo pa zitunda za ku Ntcheu. Sankaimitsa galimoto, sankapempha kukwera. Galimoto ikadutsa ankangotembenuza mutu ngati wonunkhiza, n'kuyamba kuilondola, mpaka ina itadutsa yopita kwina, n'kutembenukiranso imeneyo. Nankhoma, amene moyo wake wonse sanapitirire pa boma la Dedza, tsopano anali pamsewu uliwonse.

Ndaziona anayamba kuyenda. Loweruka lililonse ankatenga galimoto n'kumangoyendayenda, mbiya ili pampando wakumbuyo, pakuti Zelifa anamubwezera popanda mawu. Anamupeza mayi wa nkhata uja tsiku lina dzuwa litafiira, pamsewu wafumbi wodutsa m'minda yokololedwa kale, mapesi ataima mbali zonse. Fungo la chimera ndilo linayamba kulowa. Kenaka anamuona kutsogolo, akuyenda m'mphepete, akutsimphina pang'ono. Anaimitsa galimoto pambali pake, natsika, natsegula chitseko chakumbuyo.

"Amayi," anatero.

Mayiyo anaima. Dzuwa linali kumbuyo kwake, nkhope sinkaoneka bwino, ndipo Ndaziona sanalimbe mtima kuiyang'anitsitsa. Anayang'ana mapazi. Anali ong'ambikang'ambika, otuwa ndi fumbi la maboma ambiri.

"Zikomo, mayi," anatero mawu aja, mawu omwewo amene ankamuitana kuti adzadye, koma aulemu ngati oyankhula ndi mlendo. "Ndamva mbewu yanga m'galimoto yanuyi. Ikumveka paliponse masiku ano, koma ndikaifika si yomwe ija. Ndatopa. Kodi simunaone kumene anaika mbiya yanga?"

"Ndi iyi, amayi. Ndabwera nayo." Anaitulutsa, naiika pansi pakati pawo, nagwada. "Tiyeni kunyumba. Chonde, tiyeni."

Mayiyo anawerama pang'onopang'ono, nasuzumira m'mbiya, nakoka mpweya. Anakhala choncho kanthawi. Kenaka anaweramuka.

"Yafanana nayo," anatero. "Koma iyi ndi yotsuka."

"Ndine ndinatsuka. Ndine Ndaziona, amayi. Ndikhululukireni."

Mphepo inadutsa m'mapesi, ndipo anaphokosera munda wonse. Mayiyo anapendeketsa mutu monga ankachitira akamva mwana akunama.

"Ndaziona ndi mwana wanga," anatero mofatsa. "Ndi wanzeru kwambiri ameneyo. Anakulira kuseri kwa chitseko changa. Sangatsuke mbiya."

Chapatali kunamveka njinga yamoto. Inadutsa ndi mkokomo wake n'kusiya kautsi, ndipo mayiyo anatembenuza mutu, nakonza nkhata, nakweza manja kugwirizira katundu amene panalibe, nayamba kuilondola. Ndaziona anaitana mpaka mawu kusasa. Mayiyo sanacheuke.

Galimoto ija Ndaziona anaigulitsa, ndipo masiku ano amapita kuntchito wapansi. Sizithandiza kanthu, iyenso akudziwa, pakuti misewu yadzaza. Mbiya ili kuseri kwa chitseko chake, yovundikira ndi lichero latsopano, ndipo chaka chilichonse chimanga chikalowa amaphika phala n'kuthiramo, n'kukhala pambali pake kumvetsera. Sinawirebe.

Tsono inu, fungo lija likadzakupezani panjira, musatseke windo ndipo musaponde moto. Chepetsani liwiro, muyende pang'onopang'ono. Kumbuyo kwanu kuli mayi wachikulire, ndipo mapazi ake atha.